Gulu la achinyamata limaoneka pa Lamulungu lopanda ansembe

Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 20, likutiuza za mnyamata wina dzina lake Yutiko, amene adakhala pa zenera mumzinda wa Troasi pomwe Paulo ankalalika mpaka pakati pa usiku. Tulo titamugwira adagwa kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo adamutola atafa. Paulo sadapitirize ulaliki wake. Adatsika, nakamufungatira mnyamatayo, ndipo anthu adabwerera naye kwawo ali moyo. M'matchalitchi mwathu muli a Yutiko ambiri. Ena amakhala ku benchi yakumbuyo, ena amangoima pa khonde, ndipo tsiku limene aleka kubwera palibe amene amatsika kukawafuna.

Lero tikucheza ndi inu amene mudasankhidwa kutsogolera achinyamata m'maparishi a Mpingo wa Katolika, makamaka ku madera akumudzi monga Chisenga m'boma la Chitipa. Chisenga ali m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, kufupi ndi malire a dziko lino ndi Zambia. Akatolika a kumeneko ali mu Dayosizi ya Karonga, yomwe idakhazikitsidwa mu 2010 pogawa Dayosizi ya Mzuzu, ndipo episkopi wake woyamba adakhala Ambuye Martin Mtumbuka. Ku madera otere mitunda ndi yaitali, misewu imavuta nthawi ya dzinja, ndipo matchalitchi ambiri a nthambi salandira wansembe Lamulungu lililonse. Maganizo athu ndi akuti gulu la achinyamata limamangika kapena kupasuka pa masiku wamba amenewa, pamene kulibe mlendo, kulibe chisangalalo, akatekisiti atseka buku ndipo anthu akumwazikana.

Sitikunyoza misonkhano ikuluikulu ayi. Papa John Paul II ndiye adayambitsa Tsiku la Achinyamata pa Dziko Lonse, ndipo kuyambira mu 2021 madayosizi amalikumbukira pa chaka cha Khristu Mfumu. Msonkhano waukulu wotsatira udakonzedwa kuti udzachitikire ku Seoul mu 2027. Koma ndi angati a pa Chisenga amene adzafikeko? Ngakhale msonkhano wa ku parishi komwe, amapitako ndi okhawo amene makolo awo apeza ndalama ya ulendo. Amabwerako ndi nyimbo zatsopano ndi nsalu yachikumbutso, pakatha masabata atatu moto wazima, chifukwa kumudzi kudalibe nkhuni zoukolezera.

Mtsogoleri ayambe ndi kope la sukulu ndi cholembera. Alembe dzina la wachinyamata aliyense wobatizidwa, mphakati ndi mphakati, osati okhawo a m'kwaya. Maepiskopi a chigawo chino cha Africa, pansi pa bungwe la AMECEA, adagwirizana mu 1973 kuti miphakati ikhale maziko a moyo wa Mpingo, ndipo utumiki wa achinyamata uyenera kuima pa maziko omwewo. Mphakati uliwonse ukhale ndi mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi odziwa kumene anzawo ali. Wina akasowa masabata awiri, ayendereni kwawo muli awiri, ndipo mukafika musayambe ndi kumufunsa chifukwa chake sakupemphera. Mufunseni za moyo wake, za mayi ake amene akudwala, za fizi imene yavuta.

Kopelo lidzakuuzani zinthu zopweteka. Mudzapeza kuti amene akusowa si aulesi onse. Wina adalephera mayeso a MSCE ndipo akuchita manyazi kukhala pakati pa anzake. Wina adapita ku Nakonde kapena ku Tunduma kukayesa geni, wina tsiku lonse ali pa kabaza pakuti Lamulungu ndilo tsiku la makasitomala. Ndiye pali mtsikana amene watenga pathupi. Pamenepa m'pamene magulu athu ambiri amalakwa kwambiri. Dzina lake limafufutidwa mwakachetechete, anzake amaletsedwa kuyenda naye, pomwe mnyamata amene adamupatsa mimbayo akupitiriza kuimba ng'oma kutsogolo. Nkhani ya masakramenti isiyireni bambo mfumu ndi akuluakulu a mpingo, si yanu. Yanu ndi kuonetsetsa kuti mtsikanayo sakusiyidwa yekha. Dziwani kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sayenera kukwatiwa. Dziwaninso kuti Unduna wa Zamaphunziro umalola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu. Makolo ena sadziwa zimenezi, ndipo mwina mudzakhala inu oyamba kuwauza, musanamve kuti mwanayo amulowetsa m'banja kuti manyazi achoke pakhomo.

Pokonza ndondomeko ya chaka, yang'anani kumunda ndi kusukulu musanayang'ane kalendala ya ku likulu. Nthawi yopalira ndi yobandira wachinyamata wa kumudzi ndi dzanja lamanja la banja lake, choncho kukumana kukhale kwa ola limodzi lokha akangoweruka mapemphero. Miyezi ya June ndi July a Fomu 4 ali m'mayeso, apempherereni ndi kuwaleka awerenge. M'bindikiro, masewero a mpira ndi maulendo okachezera anzanu a nthambi zina zidikire tchuthi chachitali, anthu atakolola ndipo misewu itauma. Yambani pa nthawi imene mudanena ngakhale mutakhala asanu okha, ndipo muziweruka dzuwa likadali, pakuti ena ali ndi mtunda woti ayende. Kholo limene laona mwana wake wamkazi akufika usiku kamodzi, silidzamulolanso.

Nanga mukakumana muzichita chiyani? Magulu ambiri amangophunzira nyimbo, kenaka wapampando amadzudzula ochedwa ndi osapereka, basi zatha. Nyimbo n'zabwino, koma pali njira ina imene Mpingo udaiyesa kale. Wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, amene adayambitsa bungwe la YCW, adaphunzitsa achinyamata kuona, kuweruza ndi kuchitapo kanthu, ndipo ndiyo njira imene a YCS amatsata m'sukulu zathu. Tengani nkhani imodzi yeniyeni ya m'mudzi mwanu: anyamata amene akutha ndalama ndi kubetcha pa foni, mowa wotsika mtengo umene ukumwedwa m'mawa, moto wolusa umene umapsereza tchire la m'mapiri chilimwe chilichonse. Aliyense anene zimene waona ndi maso ake. Kenaka werengani Uthenga Wabwino wa tsikulo ndi kufunsana kuti Yesu akutiuza chiyani pa nkhaniyi. Musabalalike musanagwirizane kanthu kamodzi kakang'ono koti muchite sabata imeneyo, kaya ndi kufolera nyumba ya agogo amasiye mvula isanagwe, kaya ndi kulambula njira yotchinga moto. Lamulungu lotsatira yambani ndi kufunsa ngati zidachitika.

Boma la Chitipa limadziwika ndi zilankhulo zambiri, monga Chilambya, Chinyiha, Chindali, Chisukwa ndi Chitumbuka. Mulole aliyense alankhule m'chilankhulo chimene amapempherera akakhala yekha. Chingerezi chimene ena amaonetsera nacho kuti adafika ku sekondale chimatseka pakamwa iwo amene adalekera ku pulayimale, ndipo amenewo ndiwo amatsala pamudzi anzawo akapita ku tauni.

Kwa makolo ndi makomiti a matchalitchi tili ndi mawu olimba pang'ono. M'malo ambiri achinyamata amakumbukiridwa pakafunika kusesa, kutunga madzi, kunyamula mabenchi ndi kuumba njerwa. Zikafika pa zokambirana amauzidwa kuti ndi atsogoleri a mawa, adikire. M'kalata yake ya Christus Vivit ya mu 2019, yomwe idatsatira sinodi ya achinyamata ya mu 2018, malemu Papa Francis adatsindika kuti achinyamata ndi a Mpingo wa lero lomwe. Mbiri ya Africa ikuchitira umboni. Charles Lwanga adali mnyamata wa zaka za m'ma 20, mkhristu wamba wosadzozedwa, pamene ankatsogolera anyamata anzake ku nyumba ya mfumu ya Buganda. Ataona kuti imfa yayandikira adabatiza yekha ena mwa iwo, kuphatikizapo Kizito wa zaka pafupifupi 14, ndipo adaphedwa ku Namugongo pa 3 June 1886. Ngati Mpingo umamulemekeza mnyamata ameneyu ngati nkhoswe ya achinyamata a mu Africa, tikuopa chiyani kupatsa wachinyamata wa pa Chisenga mpata wowerenga Mawu, wophunzitsa ana a Sande sukulu, kapena mpando wokhala ndi mawu mu komiti ya tchalitchi?

Tinenenso, ngakhale ena zisawakomere, kuti bambo wa zaka 40 amene ana ake ali ku sekondale sayenera kukhalabe wapampando wa achinyamata. Akhale mlangizi. Ndipo inu amene muli pa mpando lero, yambani kuphunzitsa wodzalowa m'malo mwanu chaka chino, chifukwa mawa mutha kuitanidwa ku koleji kapena ku ntchito. Paja akulu adati m'mera mpoyamba.

Ndalama zapasula magulu ochuluka kuposa ulesi. Ngati muli ndi munda wa gulu wa nyemba kapena soya, msungichuma aziwerenga poyera zolowa ndi zotuluka mwezi uliwonse, ndipo asakhale m'bale wa wapampando. Musathamangitse munthu chifukwa walephera kupereka.

Chitetezo cha ana sichikambirana. Gulu likhale ndi alangizi awiri, bambo ndi mayi, odziwika kwa makolo. Pasakhale wamkulu aliyense, kaya ndi mphunzitsi wa kwaya, katekisiti ngakhale wansembe, wokumana ndi mwana kuseri ali awiriwiri. Pa ulendo wokagona, makolo adziwe kumene ana akupita, amene akuwaperekeza ndi tsiku lobwerera. Mwana akakuululirani kuti wina akumuchitira nkhanza, musaithetse nkhaniyo pansi pa mtengo pofuna kuteteza mbiri ya mpingo. Kauzeni bambo mfumu ndi apolisi, kapena imbani nambala yaulere ya 116 yothandizira ana.

Pomaliza tikupempha ansembe athu, amene tikudziwa kuti amayenda mitunda yaitali ndi mafuta ochepa. Mukafika ku nthambi, Misa ikatha akuluakulu amakuzingani ndi milandu ya maukwati ndi ya zopereka, kenaka nsima, kenaka ulendo. Patulani mphindi 30 musanapite kukadya, mukhale pansi ndi achinyamata paokha, ndipo muwauze abwere ndi kope lawo lija kuti muwerenge limodzi maina a iwo amene sadabwere.