MAPASA AWIRI, MSEWU UMODZI

M'kope lino tikambirane za Cape Town, mzinda umene abale athu ambiri a ku Mangochi ndi ku Machinga amapitako kukasaka ntchito. Akamaimba telefoni amatiuza za kukongola kwa phiri ndi nyanja. Koma kuseri kwa phirilo kuli Cape Flats, dera limene ana amaphunzitsidwa kugona chafufumimba pansi akangomva kulira kwa mfuti.

Vutoli lili ndi chiyambi chake. M'chaka cha 1966 boma la tsankho linalengeza kuti District Six ndi malo a azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000, ambiri mwa iwo Asilamu, anasamutsidwa mokakamiza. Anakawataya ku malo ngati Manenberg ndi Hanover Park, kutali ndi mizikiti yawo, ntchito zawo ndiponso anansi amene ankathandizana nawo kulera ana. Anyamata atasowa wowayang'anira, anawatola ndi magulu a zigawenga monga Americans ndi Hard Livings. Maguluwa amalimbirana misewu yogulitsiramo mankhwala ozunguza bongo, ndipo chipolopolo chosokera sichifunsa ngati chapeza chigawenga kapena mwana wochokera ku madrasa.

Makolo atatopa ndi maliro, kunabadwa gulu la PAGAD lolimbana ndi zigawenga ndi mankhwalawo. Ambiri mwa mamembala ake anali Asilamu anzathu, ndipo madandaulo awo anali omveka ndithu. Koma pa 4 August 1996 khamu la gululi linafika mu msewu wa London Road ku Salt River, kumene Rashaad Staggie, mmodzi wa mapasa otsogolera Hard Livings, anawomberedwa ndi kutenthedwa anthu akuona.

Ena anaganiza kuti zigawenga zaphunzirapo kanthu. Sizinatero. Zaka zotsatira mzindawo unadzaza ndi kubwezerana ndi mabomba, ena mwa atsogoleri a PAGAD anakalowa m'ndende, ndipo malonda a mankhwala anapitirira. Mu July 2019 boma linachita kutumiza asilikali ku Cape Flats chifukwa imfa zinanyanya. Ndipo pa 13 December chaka chomwecho mnzake wa mapasa uja, Rashied Staggie, naye anawomberedwa n'kufa mu msewu womwe uja wa London Road. Zaka 23 zinali zitadutsa, koma mfuti zinali zisanaleke kulira.

Tikunena zimenezi chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Kwathu kuno, munthu akangokuwa kuti "Wakuba!" pa msika, tonse timadziwa chimene chimatsatira: miyala, zibonga, mwinanso petulo ndi machesi. Nthawi zina wophedwayo amangofanana nkhope ndi wakuba weniweni. Ndipo pakati pa khamulo pamakhala ana athu, maso ali tong'o, akuphunzira kuti moyo wa munthu ungathe kuchotsedwa popanda mboni kapena woweruza.

Chisilamu sichilekerera chigawenga, koma sichinaperekenso chiweruzo kwa khamu. Mlandu wa magazi uli ndi mwini wake woumva, umboni wake ndi ndondomeko yake. Tikumbuke kuti magazi oyamba pa dziko lapansi anakhetsedwa pakati pa ana a Mtumiki Adam (AS), pamene Kabil anapha m'bale wake Habil, ndipo anangokolola chisoni chosatha. Mkwiyo, ngakhale ukhale ndi chifukwa chabwino, ukasiyidwa wopanda chingwe umafanana ndi chimene ukulimbana nacho.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, bambo ndi mayi adziwe kumene mwana wawo wamwamuna amakhala kuchokera pa Asr kufikira pa Isha, ndiponso amene amamugulira nsapato zatsopano. Kuongola mtengo n'poyamba. Chachiwiri, makomiti a mizikiti ayendere anyamata amene anasiya sukulu ndi madrasa, awapezere pophunzirira ukalipentala, utelala kapena umakaniko. Chachitatu, wakuba akagwidwa, akuluakulu aimirire pakati ndi kumupereka ku polisi, ngakhale khamu liwanyoze. Pomaliza, abale athu a ku Joni ndi ku Cape Town tiziwafunsa za umoyo wawo ndi anzawo oyenda nawo, osati za ndalama zokha.

Allah ateteze ana athu ndi ana a anzathu, ndipo awapatse chipiriro makolo onse amene anaika ana awo m'manda. Tidzakumananso m'kope lotsatira, Insha Allah.