MAGETSI AKAZIMA, TIYAMBE KULEMBA NTHAWI

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Chilumba, ndabweranso. Lero si za mtengo wa usipa ayi, koma za magetsi.

Ife ana a asodzi masamu timawatha. Chilimira chikatuluka, padoko aliyense amadziwa kuti zabwera zitini zingati, mwini zipangizo atenga zingati, alovi agawana zingati. Koma mufunseni munthu yemweyo kuti mwezi watha magetsi anazima kangati, angoti "aaa, amangozimazima." Aise, mawu amenewo pamsonkhano salemera. Wa muofesi akangoti chaka chino zinthu zili bwino kuposa chatha, basi wasowa pogwira.

Ku America, madera ambiri akumidzi analandira magetsi kudzera m'makopaletivi, boma litakhazikitsa lamulo lowabwereketsa ndalama mu 1936. Ogula magetsiwo ndi eniake a kopaletiviyo, ndiye amafunsa. Pali miyeso iwiri imene imagwira ntchito kumeneko ndi m'maiko ena ambiri. Wina amautcha SAIFI: pachaka, wogula mmodzi amuzimira kangati. Wina ndi SAIDI: mukaphatikiza, wakhala mumdima mphindi zingati.

Koma chenjerani, miyeso imeneyi ili ndi mbuna zake. Tiyerekeze kuti pali nyumba 100. Nyumba 20 za kugombe zakhala maola 10 opanda magetsi, zina 80 za kumsewu ali ngwee. Maola 200 aja amawagawa kwa onse, lipoti n'kunena kuti aliyense wakhala mumdima maola 2 okha. Palibe wanama, komatu chambo cha mayi wa kugombe chaola mufiriji. N'chifukwa chake ine ndimati chiwerengero cha boma lonse kapena cha dziko lonse sichitithandiza. Tizifunsa cha laini yathu, cha thiransifoma yathu.

Chinanso, mwa kawerengedwe ka ku America, kuzima kosapitirira mphindi 5 sikulowa m'miyeso iwiriyi. Chonsecho kuthima-kuyaka kumeneko ndiye kumene kumapha mafiriji ndi mota za zigayo. Masiku a ngozi zikuluzikulu nawonso amawaika padera. Zimenezo ndikuzimvetsa. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, palibe akanaimba mlandu wokonza mawaya. Koma mwera? Mwera umabwera chaka ndi chaka, mwana wa sitandade 1 amaudziwa. Pholo lofumbwa likagwa ndi mwera, imeneyo si ngozi yodzidzimutsa, ndi pholo limene silinasinthidwe.

Ena muti kulemba sikuyatsa babu. Zoona. Koma mitengo ya magetsi ikamafuna kukwera, a MERA amamva maganizo a anthu, ndipo wobwera ndi kope amamveka mosiyana ndi wobwera ndi mkwiyo wokha. Ngakhalenso madera amene ali ndi magetsi awoawo, monga a MEGA ku Mulanje opangidwa ndi madzi a m'phiri, kapena kumene kukubwera a sola a mudzi wonse, komiti yosadziwa maola a mdima ingadziwe bwanji kuti ndalama za anthu zikugwira ntchito?

Ndiye pempho langa ndi ili. Doko lililonse lolumikizidwa lipeze kope limodzi, likhale kwa wachigayo kapena kwa wotchaja mafoni ndi mabatire a nyali za usipa, poti amenewo ndiwo amayamba kudziwa. Muzilemba tsiku, nthawi yozima, nthawi yoyaka, ngakhale kukhale kwa mphindi 2. Ngati anachenjezeratu kuti azimitsa, lembaninso, pakuti kuzima kolengezedwa munthu amakukonzekera. Chawonongeka chilembedwe ndi mtengo wake weniweni, osawonjezera. Kope likangogwidwa bodza kamodzi, latha ntchito.

Mwezi ukatha jambulani tsambalo muponye pagulu pano tifananize madoko. Vuto lili pa za usiku, poti ambirife timakhala tili panyanja. Alongo athu ndi anyamata otsala kumtunda, ndani atenge mbali imeneyo?

Tumizani kwa ena.