Nkhandwe Zasamukira M'tauni

Tonsefe tinakula tikudziwa kuti kwawo kwa nkhandwe ndi kutchire. Koma ku Ulaya ndi ku America zinthu zinasintha. Mumzinda wa London nkhandwe zinayamba kukhazikika cha m'ma 1930, nyumba za anthu zitafalikira kumene kunali minda ndi nkhalango. Lero zimaswera ana m'mauna kuseri kwa nyumba za anthu. Ku America kulinso nyama ina yotchedwa coyote, yofanana ndi nkhandwe koma yaikulupo. Nayonso inalowa m'mizinda monga Chicago ndi Los Angeles.

Kuyambira mu 2000, akatswiri a ku Chicago motsogozedwa ndi a Stan Gehrt akhala akulondola nyamazi pozimangirira timawailesi m'khosi. Iwo anapeza kuti zambiri zimapewa anthu, zimayenda usiku, ndipo zimadya makoswe, mbewa, akalulu ndi zipatso. Vuto limayamba pamene anthu aziponyera chakudya. Nyama yodyetsedwa imataya mantha, imayamba kuoneka masana, kenaka imafika pakhonde ngati galu wa pakhomo.

Nyama yopanda mantha njoopsa kwa ana. Mu 1981 ku Glendale, m'chigawo cha California, coyote inapha mtsikana wa zaka 3 panja pa nyumba ya makolo ake. Mu 2010 ku London nkhandwe inalowa pachitseko chimene chinasiyidwa chotsekula chifukwa cha kutentha, n'kukaluma amapasa a miyezi 9 ali m'tulo. Anawo anachira kuchipatala. Ngozi zotere sizichitika kawirikawiri, koma kwa kholo ngozi imodzi njokwana.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mumzinda wathu wa Lilongwe muli afisi amene masana amabisala, usiku n'kumayendayenda kufuna chakudya. Kuno kunyanja nako, matumbo a nsomba ndi mkute wotayidwa kuseri kwa khitchini zimaitana alendo amene sitinawafune.

Choncho tikwirire zinyalala m'dzenje, titseke makola a mbuzi ndi nkhuku dzuwa likamalowa, ndipo ana aang'ono asasiyidwe okha panja madzulo. Tiwaphunzitsenso ana athu kuti nyama ya kutchire saiponyera chakudya ngakhale ioneke yofatsa. Kuichitira chifundo ndiko kuisiya ndi mantha ake, pakuti nyama ikangoluma munthu, mapeto ake imaphedwa.