Mphaka Sadziwa Mpanda

Ndikufuna kutsutsa khalidwe lina limene lazika mizu pakati pa ife oweta amphaka, kuyambira m'nyumba za aphunzitsi kuno ku Chirunga mpaka ku Chikanda ndi ku Matawale kumene ena a ife timachita lendi. Mphaka wa mnansi akalowa pabwalo pathu n'kumenya mphaka wathu, kapena kufukula nazale ya mpiru, ife timathamangira legeni, madzi owira, kapena kansomba kothira tameki. Ena amafika ponong'onezana kuti mphaka woyenda usiku ngwotumidwa. Ine ndikuti zonsezi ndi umbuli, ndipo umbuliwu umanyansa koposa ukapezeka mwa munthu amene nyumba yake yadzaza ndi mabuku.

Vutoli ndikulidziwa. Kwathu kuli mphaka wamkazi, wotseketsa kale, amene dziko lake lonse ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba. Chimphaka chachimuna cha pa nyumba yachitatu chimabwera usiku kudzakodzera chitseko, ndipo tsiku lina chinamuluma mwendo mpaka panachita mafinya. Choncho wina asandiuze kuti ndikulankhula chifukwa sizinandigwere.

Tiyambe ndi funso ili: kodi mpandawo ngwa yani? Ngwanu ndi eni nyumba. Mphaka ali ndi malire akeake amene maso athu saona. Amawalemba ndi fungo, pokodzera chitsa, pokhuza masaya ake pakhoma, ndi pokanda mtengo. Kholo lake ndi vumbwe, nyama yoyenda yokha, ndipo mwambowo sanausiye. Amphaka oyandikana kawirikawiri amagawana malo amodzi mosinthana nthawi, uyu m'mawa, uyo usiku, fungo n'kumawauza amene wangodutsa kumene. Ndewu imakula pakakhala cholimbirana, chakudya kapena mkazi. Inu anzanga a Mbiri, amene mumadzaza mapepala kudandaula kuti azungu anakhala pansi ku Berlin mu 1884 kukambirana zogawana Africa osafunsa eni ake, mukuphera chiyani nyama yosalemekeza mzere umene nanunso munaulemba osaifunsa?

Tsono za tameki. Mankhwalawa anapangidwira mbozi ndi tizilombo ta m'nthaka, ndipo pang'ono pokha amapha munthu wamkulu. Nsomba imene mwatchera usiku siwerenga dzina la woidya. Angaidye ndi mphaka wanu yemwe mumati mukumuteteza, galu, nkhuku, kapena mwana wokwawa amene wadzuka inu musanadzuke. Tinene kuti mwachita mwayi, wafa ndi mlendo uja. Mwapindulanji? Malo amene iye wasiya alowamo mphaka wina sabata isanathe, popeza chimene chinakoka woyambayo chikadalipo. Osangalala ndi makoswe okha, pakuti mphaka wa mnansi pogwira khoswe sankafunsa ngati thumba la chimanga linali lanu kapena la mbuye wake.

Za ufiti ndiye zochititsa manyazi. Mphaka amayenda usiku chifukwa maso ake amaona mukachisisira ndipo makoswe amatuluka nthawi yomweyo. Koma tonse tikudziwa amene amalozedwa chala mphekesera zotere zikayamba: mayi wokalamba wokhala yekha, wopanda mwana wamwamuna womuyankhira. Lamulo la 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti, ndipo lamulo loteteza nyama limaletsa kuzunza chiweto. Amene amaphunzitsa kapena kuphunzira malamulo pano asanamizire kuti sakudziwa.

Komabe eni ake a amphaka oyendayenda asawombe m'manja, pakuti nawonso ndili nawo mlandu. Mawu akuti "mphaka amadziweta yekha" ndi ulesi chabe. Mphaka wamkazi amakhala ndi bere kwa masabata 9 okha, ndipo angathe kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Wamwamuna wosafula amayenda mtunda wautali kufunafuna akazi, namenyana ndi aliyense amene wakumana naye. Mbuzi ndi ng'ombe timafula osaona chachilendo. Nanga mphaka wavuta pati? Akafulidwa, kuyendayenda, ndewu ndi kukodzera zitseko za eni kumachepa kwambiri. Palinso chiwewe. Mphaka amachitenga ndipo amapatsira munthu, ndipo zizindikiro zikaoneka palibe dokotala angachiritse. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera mu mzinda wa Blantyre mu 2015 kaamba ka imfa za ana. Munthu amene amasiya mphaka wake wosabayitsa kuti azilowa m'makomo mwa anzake akusewera ndi moyo wa ana a eni. Ndowe za mphaka nazonso zimatha kunyamula kachilombo koopsa kwa mwana wosabadwa, chotero mayi woyembekezera asamagwire dothi la m'dimba lotere ndi manja, ndipo ndiwo zamasamba zizitsukidwa bwino.

Nanga tichitenji? Mphaka wanu azidyera m'nyumba, mbale isagone panja. Usiku mumtsekere m'kati, chifukwa ndewu zambiri zimachitika nthawi imeneyo. Pa nazale yalani nthambi zaminga, popeza chimene mphaka amafuna ndi dothi lofewa lokwiriramo ndowe zake. Pamene wakodzera tsukanipo ndi sopo kuti fungo lisamuitanenso. Mukampeza, madzi ozizira a m'kapu amakwanira kumthamangitsa osampweteka. Ndipo chachikulu pa zonse, chimene anthu ophunzira timachiopa kuposa mayeso, n'kupita pakhomo pa mnansiyo, kuodira, kukhala pansi, ndi kunena mwaulemu kuti, "Bambo, mphaka wanu akutisowetsa mtendere, tiyeni timtengere kwa dokotala wa ziweto." Ngati ndalama ndiyo yavuta, sonkhani theka. Mtengo wake sungafike pa mtengo wa udani wa zaka khumi.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mphaka wa mnansi wakhala pa mkhate umene tonse timamwera, ndiwo unansi wathu. Munthu amene mwamuphera chiweto lero ndi yemweyo amene mudzamgogodera pakati pa usiku mwana akadwala, ndi yemweyo adzakumbe nawo manda anu. Ganizani zimenezo musanapite kumsika kukagula tameki.