Denga la thovu limafuna mwini wosatopa

Aliyense amene anagulitsapo malonda m'sitolo ya denga la silabu pa Mangochi Boma mu Okutobala akudziwa kuti konkire imasunga moto. Usana wonse imamwa dzuwa, usiku n'kumalavulira kutenthako m'nyumba. Mvula ikayamba, denga lomwelo limadikha madzi, ming'alu n'kuyamba kudonthetsera katundu. Eni masitolo ndi malo ogona alendo, kuyambira ku Boma, Makawa mpaka ku Monkey Bay, amangomata chaka ndi chaka, ena ndi phula, ena ndi simenti.

M'mayiko ena madenga afulati otere amawapopera thovu la polyurethane. Mmisiri amasakaniza mankhwala awiri amadzimadzi m'makina n'kupopera padenga. Pakangopita masekondi, mankhwalawo amatupa n'kuuma, kukhala chofunda chopepuka chopanda msoko. Madzi amakonda kulowera m'misoko ndi m'mbali mwa mapaipi, ndiye thovu limatseka monsemo. Pamene pamadikha madzi amapoperapo mochindikala kuti madziwo apeze njira. Limatchinganso kutentha kwambiri, moti makina oziziritsa m'zipinda sagwira ntchito yakalavulagaga, bilu ya ESCOM imatsikako, ndipo magetsi akathima alendo amagonabe tulo. Ubwino umenewu ine sindiukana.

Nkhawa yanga ili pa zimene zimachitika mmisiri akalandira ndalama zake n'kubwerera ku Blantyre kapena ku Joni. Thovuli limaopa dzuwa. Likakhala pamtunda limasanduka lachikasu n'kuyamba kufumbutuka, n'chifukwa chake amalipaka utoto wapadera wa silicone kapena acrylic, womwe umafunika kuubwereza pakatha zaka 10 kapena 15. Dzuwa la kunyanja kuno silichitira chifundo utoto wopakidwa mopyapyala. Akhwangwala amajompha thovu, ndipo ku Cape Maclear, kumene anyani amathamanga pamadenga, zibowo sizingachedwe. Chibowo chikapanda kumatidwa msanga, madzi amakhazikika pamenepo, thovu n'kuyamba kuonongeka mwini wake osadziwa. Ndi angati mwa ife amene amakwera padenga kukaliyendera lisanayambe kudontha?

Kupoperako nakonso kuli ndi nyengo yake. Denga liyenera kukhala louma gwa, apo ayi thovu limachita matuza n'kumatuka. Mwera ukamaomba, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mankhwala amauluka n'kukamatirira pamagalimoto ndi pamawindo a eni ake. Opopera amafunika zotchinga kumaso ndi mphuno zenizeni, chifukwa amodzi mwa mankhwalawo, isocyanate, amayambitsa mphumu. Mankhwalawa ndi ochokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tikudziwa mmene katundu wakunja akulumira m'thumba.

Kwa mwini hotela amene ali ndi wantchito woyang'anira nyumba tsiku ndi tsiku, thovu ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito, bola pakhale mgwirizano wolembedwa wonena kuchindikala kwa thovu, mtundu wa utoto, ndi nthawi imene mmisiri azibwera kudzaliona. Koma inu a golosale ndi a hadiweya amene mukufuna kukonza kamodzi n'kupumula, khomani malata opendekeka pamwamba pa silabu, muwamange zolimba chifukwa cha mphepo, musiye mpata woti mpweya uzidutsa, ndipo muwapake utoto woyera. Amisiri a ntchito imeneyi ali pompano pa Mangochi.