KODI TIBZALE DUWA LA IRIS KU NKAYA?

Alimi anzathu a kuno ku Nkaya, makamaka amai ndi aphunzitsi amene amasamala mabwalo a sukulu, ali kutifunsa kawirikawiri za kaduwa kena kachilendo kotchedwa iris. Amakaona pa zithunzi, kobiriwira ngati thambo, kataphuka kokhakokha pa dothi lopanda msipu, ndipo mtima umakhumbira. Ena ali ndi abale ku Johannesburg kapena ku England amene angathe kuwatumizira mbeu yake. Funso lao ndi ili: Kodi tingakabzale pakhomo pathu? Ife tiyankha poyera kuti iai, musataye ndalama zanu. Koma sitifuna kulekera pa iai pokha, pakuti mlimi woletsedwa chinthu osauzidwa chifukwa chake amachichita ndithu mlangizi akangotembenuka.

Tiyambe taona kumene kaduwaka kanachokera. Dzina lake la m'mabuku ndi Iris reticulata, ndipo kwao ndi kumapiri a Turkey, Iran ndi Caucasus. Ndi kafupi kwambiri, mainchesi 4 kufikira 6 basi. Pansi pa nthaka kali ndi kamutu konga anyezi wamng'ono, ndipo m'kamutumo ndimo muli chakudya ndi duwa la chaka chamawa. Ku Ulaya amakwirira timituti m'mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, pamene kuzizira kuli kuyamba. Timagona m'dothi lozizira kwa masabata oposa 10, nthawi zina pansi pa chipale chofewa, ndipo kuzizira kumeneko ndiko kumene kumakonza duwa kuti lituluke. Pofika Febuluwale kapena Malichi limaphuka, mitengo yambiri isanayambe kutulutsa masamba. Nchifukwa chake anthu a kumeneko amalikonda chotero: ndilo limawauza kuti chisanu chiri pafupi kutha. Likatha kuchita maluwa masamba ake amauma, ndipo kamutu kaja kamafuna kupumula m'dothi lotentha ndi louma kwa miyezi ingapo.

Tsono linganizani zimenezi ndi dziko lathu lino. Nkaya ali m'chigwa cha Shire, dziko la thonje, malambe ndi mitsanya. Inde, m'miyezi ya Juni ndi Julayi timaotha moto m'mawa, koma dzuwa likangokwera timavula majekete, ndipo dothi silizizira mpaka pamene kaduwaka kafuna. Timitu togulitsidwa ku Holland kapena ku England timapezeka m'masitolo ao cha m'Seputembala ndi Okutobala. Tikafika kuno tipeza mwezi wotentha koposa m'chaka chonse, pamene ngakhale nkhuku zimayasama pamthunzi. Pambuyo pake igwa mvula, ndipo pa dothi lamakande, limene lichuluka m'minda yathu, madzi amaima masiku angapo. Kamutu kofuna chisanu kapeza chilimwe, ndipo pamene kafuna pouma kapeza matope. Mathero ake ndi kuola, kapena timasamba tiwiri tonga ta anyezi popanda duwa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo uyu ndiye sachedwa konse.

Wina adzati, Nanga tikaika timituto m'firiji? Nzoona, alimi a maluwa m'maiko otentha amachita chomwecho, ndipo duwa lingathe kutuluka kamodzi. Koma ndi nyumba zingati kuno ziri ndi firiji yoti isazime kwa miyezi itatu? Ndipo likaphuka kamodziko, chaka chamawa muyenera kugulanso mbeu ina. Kumbukiraninso kuti lamulo la dziko lino silolola munthu kulowetsa mbeu kapena mizu yochokera kunja popanda chilolezo cha a Zaulimi. Lamulo limeneli siliri lozunza anthu. Tizirombo ndi matenda a mbeu zimayenda m'timaphukusi totere, ndipo amene adzalira ndi mlimi wa chimanga ndi thonje amene sanaone nkomwe duwalo.

Pali anzathu ena amene akamva izi adzakondwa nati, Tinanena kale ife, duwa silidyedwa. Amenewa sitivomerezana nao. Taonani mabwalo ambiri a m'midzi mwathu: aseseredwa chaka ndi chaka mpaka mizu ya mango yatulukira kunja, ndipo madzi ogwa padenga akumba ngalande m'mbali mwa khonde. Dothi lonselo linapita ku Rivirivi ndi ku Shire. Kamunda ka maluwa kozinga nyumba kamagwira dothi limenelo ndi kumwetsa madzi pansi. Ndipo amene tinaphunzira za uphunzitsi tidziwa kuti mwana amene wapatsidwa kamzere kake pa sukulu, nayesa yekha kuya kwa dzenje ndi kutalikirana kwa mbeu, sadzavuta kumphunzitsa mabzalidwe a chimanga akakula. Chotero maluwa tiwafuna. Nkhani ndi yakuti tibzale ati.

Apa ndipo pali chodabwitsa. Banja la iris ndi lalikulu, ndipo mbali yaikulu ya banjalo kwao ndi kuno ku Africa. M'bale wake wina amamera yekha m'malo ambiri a Malawi, m'tchire ndi m'mbali mwa madambo, ndipo ambiri a ife tamdula ndi khasu popalira osamyang'ana kawiri. Masamba ake ndi aatali, osongoka ngati lupanga; pa phesi limodzi pamakhala maluwa angapo ondandalikana, ofiira mosakanizika ndi chikasu, lirilonse lowerama ngati lavala chipewa. Amaphuka m'dzinja. Dzina lake la m'mabuku ndi Gladiolus dalenii. Iyenso ali ndi kamutu pansi, koma kamutu kake kanazolowera nyengo zathu: kamagona chilimwe chonse osafuna dontho la madzi, ndipo mvula ikagwa kamadzuka kokha. Mai wa pakhomo sadzasenza ndowa kuchokera ku mjigo m'mwezi wa Okutobala chifukwa cha duwa limeneli.

Azungu anaona ubwino wake kale lomwe. Anatenga mtundu umenewu kum'mwera kwa Africa naukwatitsa ndi mitundu ina, ndipo mu 1841 mlimi wa maluwa wa ku Ghent m'dziko la Belgium, Louis van Houtte, anayamba kugulitsa mbeu yotuluka pamenepo. Pa nthawi imene ankamanga ulalo wa njanji pa Victoria Falls, umene unatha mu 1905, mtundu wina wachikasu wa duwa lomweli unatumizidwa ku England kuchokera m'mbali mwa mathithiwo, ndipo unakwatitsidwanso. Maluwa aakulu a gladiolus amene muwaona pa maukwati ndi m'matchalitchi a m'tauni ndi zidzukulu za maluwa a m'tchire la Africa. Kodi sichinthu chochititsa manyazi kuti ife tilipire positi kuitanitsa kaduwa koti kadzaole, pamene anthu a kutsidya kwa nyanja anaoloka kudzatenga lathu? Amene apita ku Zomba akayendere munda wa zomera umene Alexander Whyte anauyamba mu 1891, umene tsopano uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens lokhazikitsidwa mu 1987. Kumeneko kuli anthu odziwa maina a zomera za dziko lino.

Koma wina adzati, Ife tinafuna duwa lalifupi lolengeza kuti nyengo yasintha. Limenelo tiri nalonso. Kwathu kuno nyengo ya kuphuka ndi pamene yagwa chizimalupsa, ndipo masiku amenewo, pamthunzi wa mitengo ndi m'mbali mwa zulu, pamatuluka duwa lofiira lobulungira ngati mpira, masamba ake asanakule. Limatchedwa Scadoxus multiflorus. Siliri la banja la iris, koma ntchito yake kwa ife ndi yomwe ija kaduwa ka iris kamagwira ku Ulaya: mlimi akaliona adziwa kuti khasu ndi mbeu zikhale pafupi. Limafuna mthunzi, chotero malo ake ndi pansi pa mtengo wa pabwalo.

Pano tichenjeze kolimba, ndipo aphunzitsi awerengere ana mau awa. Mutu wa duwa lofiirali uli ndi ululu. Liriponso duwa lina loyanga, la maluwa opindikira m'mwamba ngati malawi a moto, lotchedwa Gloriosa superba, limene dziko la Zimbabwe linasankha kukhala duwa la fuko lao. Ndi lokongola zedi, koma muzu wake umapha munthu, ndipo mwana angathe kuuyesa kambatata. Pakhomo pamene pali ana okwawa lisabzalidwe konse. Abale ena a iris otchedwa Moraea, amene amamera m'madambo a kumapiri monga ku Nyika, ndi a mtundu umene ku South Africa umadziwika ndi kupha ng'ombe ndi nkhosa; asiyeni komweko. Lamulo lathu likhale lakuti mutu uliwonse wa duwa si ndiwo, usasungidwe pamodzi ndi anyezi, ndipo kamunda ka maluwa kazingidwe ndi mpanda chifukwa cha mbuzi.

Katengedwe kake nkosavuta, koma kafuna kudekha. Musazule duwa pamene liri kuchita maluwa, pakuti nthawi imeneyo kamutu katsopano sikanakhwime. Zikani kamtengo pambali pake kuti musaiwale malo, ndipo mudzabwere m'mwezi wa Meyi kapena Juni masamba atauma. Tengani a m'munda mwanu kapena a pamalo pamene mufuna kutsegula mphanje, amene khasu likadawaononga. Mukapeza asanu tengani awiri, enawo atsale. Mu Liwonde National Park musakumbe kanthu kalikonse, ndi mlandu.

Ngati pakhomo panu ndi pamakande, undani mzere wokwera ngati wa mbatata, musakanize mchenga wa kumtsinje ndi manyowa akale owolerana. Ndowe zaziwisi zimaoletsa timitu ndi kuitana chiswe. Kwirirani mutu wa gladiolus mainchesi 4 pansi, nsonga kumwamba, motalikirana mainchesi 6, mvula isanayambe. Wa duwa lofiira lija usapite pansi kwambiri, khosi lake lingobisika. Pansi pa mutu waukulu wa gladiolus mudzapeza tiana tating'ono tonga nandolo. Musatitaye, tifeseni pa kamzere kapadera, ndipo pakapita dzinja lachiwiri kapena lachitatu tidzachita maluwa, mudzakhala ndi zogawira anansi ndi sukulu. Kumene kuli mfuko ndi mbewa zambiri, fukulani timitu masamba akauma, mutisunge m'phale la mchenga wouma pamalo pamene ana safikira, kufikira Okutobala.