Wapolisi akabisa nkhope, wolakwiridwa akasume ndani?

Chiyambire zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, ambiri taona pa Facebook ndi pa WhatsApp apolisi ovala chinsalu chakuda kumutu, maso okha ali pamtunda. Ena amakhala mu yunifolomu ya UIR, gulu lothana ndi zipolowe, ena m'zovala wamba mfuti ili m'manja. Bungwe la Plataforma Decide linawerenga anthu oposa 300 amene anafa m'miyezi imeneyo. Kuti banja la womwalira likasume, liyenera kuloza munthu. Nanga lingaloze bwanji munthu wopanda nkhope, wopanda dzina, wopanda nambala?

Kwa ife a ku Macanga ndi Tsangano, iyi si nkhani ya ku Maputo kokha. Mu 2015 ndi 2016, pamene boma ndi Renamo ankawomberana, anthu oposa 10,000, ambiri a m'maboma a Moatize ndi Tsangano, anathawira pa Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi, ena n'kusamutsidwira ku Luwani. Othawawo anauza bungwe la Human Rights Watch kuti amene anatentha nyumba ndi nkhokwe zawo anali asilikali a boma, powaganizira kuti akudyetsa anyamata a Renamo. Boma linakana. Mlimi ankatha kunena kuti "anavala yunifolomu", koma akafunsidwa kuti ndani, wa gulu liti, wotumidwa ndi yani, mawu ankamuthera pomwepo. Mlandu wopanda dzina la wolakwa umafera pa khomo la khoti.

Tione mlandu umene unayenda. Pa 7 Okutobala 2019, ku Xai-Xai m'chigawo cha Gaza, bambo Anastácio Matavele, amene ankakonzekeretsa oyang'anira chisankho, anawomberedwa ali m'galimoto yawo. Achiwembuwo pothawa anachita ngozi, awiri n'kufera pomwepo. Apa m'pamene zinadziwika kuti anali apolisi a gulu lapadera. Mu Juni 2020 khoti la ku Gaza linagamula apolisi asanu ndi mmodzi, ena mpaka zaka 24 kundende. Galimoto ija ikanapanda kugubuduzika, mwina bwenzi tikungomva kuti anaphedwa ndi "anthu osadziwika". Chilungamo cha dziko sichingamadikire ngozi ya pamsewu.

Apolisi nawonso ali ndi mfundo yawo, ndipo si yabodza. Wa SERNIC amene akufufuza oba anthu kapena ozembetsa mankhwala ozunguza bongo ali ndi mkazi ndi ana, ndipo amakhala m'dera limodzi ndi amene akuwasaka. Ku Cabo Delgado, kumene nkhondo inayamba mu 2017, kudziwika nkhope kukhoza kukhala imfa. Pa ntchito zoterezi, kubisa nkhope n'komveka.

Koma pa msewu wochokera ku Furancungo, kapena pa njira zopita kumalire a Biri-Biri ndi Calomue, nkhani ndi ina. Mlimi wagulitsa fodya, kachewere kapena soya, ndalama za chaka chonse zili m'thumba, akubwerera pa njinga yamoto dzuwa litapendeka. Kutsogolo kwaima munthu wamfuti wophimba kumaso. Aime kapena athawe? Akaima, mwina ndi mbava. Akathawa, mwina ndi wapolisi, ndipo chipolopolo chimutsata. Chinsalu chija amagulitsa pamsika, aliyense angagule. Apolisi akachizolowera, ndiye kuti akubwereka mbava yunifolomu mwaulere. Ndipo wapolisi wokhulupirika ndiye amaluza kwambiri, chifukwa anthu amasiya kumuuza za ng'ombe zobedwa zimene zikuwoloka malire usiku.

Ife Achewa chigoba timachidziwa bwino. Chilombo chikatuluka pabwalo nkhope yake sitiiona, komabe sichiyenda chopanda eni. Chikapweteka munthu kapena kuwononga katundu, mlandu umapita kwa mfumu ya mzinda, ndipo akuluakulu a ku dambwe amadziwa pokafunsa. Ndicho chikusowa pa wapolisi wobisa nkhope. Angathe kuphimba kumaso pamene pali chifukwa chenicheni, koma nambala yake izioneka pachifuwa ndi pachisoti, yaikulu yoti mayi aiwerenge ali patali, galimoto ikhale ndi nambala, ndipo ku komando ya boma kukhale buku losonyeza amene anatumidwa, kuti, ndi tsiku liti. Nambala siulula kumene wapolisi amagona. Imangothandiza woweruza kumupeza.

Mkanganowu uliponso ku America. Mu Seputembala 2025 chigawo cha California chinakhazikitsa lamulo loletsa apolisi ambiri kubisa nkhope, chifukwa cha ogwira alendo opanda mapepala amene ankanyamula anthu m'misewu ataphimba kumaso. Kwathu kuno poyambira palipo kale: Gawo 58 la Malamulo aakulu a dziko limati boma liyenera kulipira munthu amene wavulazidwa ndi antchito ake pochita zosemphana ndi lamulo. Komabe pa mlandu wa a Matavele, ngakhale mayina a apolisiwo anadziwika, khoti linati anachita zimenezo mwa iwo okha, ndipo boma silinalamulidwe kulipira banja lawo.